Kuchoka pa ana 7 kufika pa ana 4: lipoti la ntchito ya kulera m'Malawi ndi pomwe ikutsimphina

Kalembera wa mu 1966, woyamba dziko lino litangoyamba kudzilamulira, anapeza anthu 4 miliyoni ndi pang'ono. Wa mu 1987 anapeza pafupifupi 8 miliyoni, wa mu 2008 anapeza 13.1 miliyoni, ndipo wa mu 2018 anawerenga anthu 17,563,749. Malo ndi omwe aja, masikweya kilomita oposa 94,000 tikachotsa nyanja. Mu 2008 pa sikweya kilomita imodzi pankakhala anthu 139, pofika 2018 anali 186, ndipo m'chigawo cha kummwera anali 244.

Lipoti lino likuunika zomwe boma lakhala likuchita pa nkhaniyi kuyambira 1982. Mwachidule, ntchito yothandiza amayi apabanja kupatula ana ndi kusiya kubereka yayenda bwino kuposa m'maiko ambiri oyandikana nafe, ndipo yayenda popanda kukakamiza munthu. Ntchito yochedwetsa mimba yoyamba ndiyo sinasunthe kwa zaka 30. Pamwamba pa izo, mankhwala omwe zonsezi zatsamirapo amagulidwa ndi ndalama za eni ake akunja.

Chomwe boma limalowererapo

Vuto si kuchuluka kwa anthu pakokha. Vuto ndi liwiro. Pakati pa 2008 ndi 2018 chiwerengero chinkakwera ndi 2.9 peresenti pachaka. Owerengera za chiwerengero amagawa 70 ndi nambala imeneyi kuti adziwe zaka zomwe anthu adzawirikizire kawiri, ndipo kwa ife yankho ndi zaka 24. Ndiye kuti mwana wobadwa lero, pomwe azidzakwatira, zipatala, sukulu, mijigo ndi ntchito ziyenera kudzakhala zitawirikiza kawiri kuti moyo ungokhala pomwe uli, osapita patsogolo.

M'zaka khumi zimenezo tinawonjezeka ndi anthu pafupifupi 4.5 miliyoni, kutanthauza 450,000 chaka chilichonse. Tikayerekeza kuti munthu mmodzi amadya matumba atatu a chimanga a makilogalamu 50 pachaka, dziko limayenera kupeza matani 67,500 owonjezera chaka ndi chaka. Kusukulu nako masamu ndi omwewo. Muyezo wa boma ndi ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, choncho ana akawonjezeka ndi 100,000 pamafunika aphunzitsi ndi zipinda pafupifupi 1,700 zatsopano, tisanayambe n'komwe kuchotsa ana omwe akuphunzirira pansi pa mtengo.

Chachiwiri ndi misinkhu. Kalembera wa 2018 anaonetsa kuti anthu 44 pa 100 alionse sanafike zaka 15, ndipo oposa theka sanafike zaka 18. Ogwira ntchito ndi ochepa poyerekeza ndi odyetsedwa, motero ndalama ya pakhomo ndi ya boma yomwe imathera pa kudya ndi kuchiza, yotsala yoti isungidwe kapena igule feteleza, makina ndi maphunziro apamwamba n'kukhala yochepa. Kubereka kukatsika, pakapita zaka 15 kapena 20 ogwira ntchito amachuluka kuposa ana, ndipo mpata umenewo ndi womwe maiko ngati South Korea ndi Thailand anaugwiritsa ntchito. Mpatawo subala chuma wokha. Achinyamatawo akakhala osaphunzira ndi opanda ntchito, umangodutsa.

Chachitatu, chomwe ife a zaumoyo timachiika patsogolo, ndi moyo wa mayi ndi mwana. Malangizo ndi akuti mayi adikire miyezi 24 atabereka asanatengenso pathupi, ndi miyezi 6 ngati wapita padera. Makolo athu ankadziwa kale kuopsa kwa kutumbiza, n'chifukwa chake kunali kudika ndi mkuzi wa m'chiuno.

Momwe ndondomeko inasinthira

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linaletsa ntchito za kulera. Maganizo a nthawiyo anali akuti dziko lili ndi malo okwanira ndipo likufuna manja olima. Mu 1982 boma linalola pulogalamu yopatula ana, koma cholinga chololedwa chinali thanzi la mayi ndi mwana basi, osati kuchepetsa chiwerengero cha ana. Malamulo akenso anali othina: mayi ankayenera kukhala wapabanja, ndipo mwamuna wake ankayenera kuvomereza. Banja La Mtsogolo linayamba ntchito mu 1987 zinthu zili choncho. Pofika 1992, amayi apabanja 7 okha pa 100 alionse ndiwo ankagwiritsa ntchito njira zamakono, ndipo mayi mmodzi ankabereka ana 6.7 tikatenga pakatikati.

Malangizo atsopano a mu 1992 anachotsa zotchinga za ukwati, msinkhu ndi chilolezo cha mwamuna. Mu 1994 munachitika zinthu zitatu pamodzi: boma linavomereza ndondomeko yoyamba ya chiwerengero cha anthu, boma la Bakili Muluzi linayambitsa maphunziro aulere a pulayimale, ndipo ku Cairo maiko 179 anagwirizana kuti nkhani ya kubereka izitsamira pa ufulu wa munthu kusankha yekha, osati pa nambala yomwe boma laikira ogwira ntchito ake.

Mgwirizano wa ku Cairo unali ndi chifukwa. Ku India, m'nthawi ya ulamuliro wadzidzidzi wa Indira Gandhi kuyambira 1975 mpaka 1977, anthu mamiliyoni, ambiri mwa iwo amuna osauka, anatsekedwa mokakamizidwa kapena monyengereredwa, ndipo anthu anadana ndi pulogalamu ya kulera kwa zaka zambiri pambuyo pake. China inaika lamulo la mwana mmodzi mu 1980 n'kulisiya kumapeto kwa 2015. Pofika 2010 kumeneko kunkabadwa anyamata pafupifupi 118 pa atsikana 100 alionse, pomwe mwachilengedwe amakhala 105, ndipo lero boma lomwelo likupempha mabanja kuti abereke ana atatu. Kwa ife kukakamiza kunalibe ngakhale chifukwa chake. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015-16 anapeza kuti amayi akanangobereka ana okhawo omwe ankawafuna, chiwerengero chikanakhala 3.4 pa mayi mmodzi, pomwe chenicheni chinali 4.4. Mwana mmodzi wathunthu pa mayi aliyense ankabwera asakufunidwa nthawi imeneyo kapena asakufunidwanso. Ntchito ya boma ndi kutseka mpata umenewo.

Chomwe chinatsitsa nambala

Ofesi ya National Statistical Office ku Zomba yakhala ikuyeza izi kangapo. Ana pa mayi mmodzi anali 6.7 mu 1992, 6.3 mu 2000, 6.0 mu 2004, 5.7 mu 2010, 4.4 mu 2015-16, ndipo kafukufuku wa 2024 anapeza 3.7. Amayi apabanja ogwiritsa ntchito njira zamakono anachoka pa 7 pa 100 mu 1992 kufika pa 28 mu 2004, 42 mu 2010 ndi 58 mu 2015-16. Onani kuti kwa zaka 18 zoyambirira nambala inatsika ndi mwana mmodzi yekha, kenako n'kutsika ndi oposa mmodzi m'zaka 5 kapena 6 zokha.

Maziko ake ndi akuti ana anasiya kufa monga kale. Mu 1992, pa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 ankamwalira asanafike zaka 5. Pofika 2015-16 anali 63. Mayi yemwe waika ana awiri m'manda simungamuuze za kulera n'kukumverani. Katemera, masikito onyikidwa m'mankhwala, mankhwala a malungo ndi kuteteza ana ku HIV zinagwira ntchito ya kulera mwakachetechete.

Koma chomwe chinathamangitsa zinthu ndi kusuntha jakisoni kuchoka kuchipatala kupita kumudzi. Anthu 84 pa 100 alionse amakhala kumudzi, ndipo njira yomwe amayi ambiri amasankha ndi jakisoni wa Depo: mu 2015-16 amayi apabanja 30 pa 100 ankabayitsa. Jakisoniyu amafuna kubwerera masabata 13 alionse. Kwa mayi wokhala makilomita 12 kuchoka kuchipatala, m'nyengo ya dzinja mitsinje itadzaza, ndiye kuti tsiku lathunthu la kumunda latayika kanayi pachaka, ndipo mwina akafika n'kupeza mankhwala atha. Mu 2008 Unduna wa Zaumoyo unalola alangizi a zaumoyo a m'midzi kuti azibaya Depo. Ena ankakayika ngati munthu wophunzitsidwa masabata ochepa angagwire bwino ntchito ya namwino. Alangiziwa anali akubaya kale katemera kusikelo ya ana, choncho chomwe chinawonjezeka kwenikweni ndi uphungu ndi mafunso oyenera kufunsa mayi asanabayidwe.

Mafunsowo ndi ofunika kuwatchula, chifukwa apa m'pomwe amayi ambiri amabwezedwa popanda chifukwa. Mlangizi ayenera kutsimikiza kuti mayi alibe pathupi, ndipo sachita kufuna choyezera. Mayi akayankha kuti inde pa limodzi mwa awa, ndipo alibe zizindikiro za mimba, atha kubayidwa tsiku lomwelo: wayamba kusamba m'masiku 7 apitawa, sanagone ndi mwamuna chisambire kapena chiberekere, wabereka m'masabata 4 apitawa, wapita padera m'masiku 7 apitawa, wakhala akugwiritsa ntchito njira ina mosadumphitsa, kapena ali ndi khanda losakwana miyezi 6 lomwe likungoyamwa bere lokha ndipo iye sanayambirenso kusamba. Cholakwika chofala ndi kumuuza mayi kuti “mudzabwere mukadzakhala kumwezi”. Mayi woyamwitsa atha kukhala chaka osasamba, ndipo ambiri obwezedwa motere amadzabwerera kusikelo ya amayi oyembekezera. Akayamba jakisoni patadutsa masiku 7 chiyambire kusamba, agwiritse ntchito kondomu kwa masiku 7. Akachedwa kubwera kudzabayitsanso, mpaka masabata 4 amabayidwa popanda kuyezedwa. Amene sadziwa lamulo la masabata 4 limeneli amataya amayi omwe anangochedwa chifukwa cha maliro.

Sitepe yotsatira inayesedwa ku Mangochi pakati pa 2015 ndi 2017, ndi jakisoni wa Sayana Press. Mankhwala ake ndi omwewo koma ochepa, mamiligalamu 104 m'malo mwa 150, ndipo amabwera m'kathumba kapulasitiki kolumikizidwa kale ndi singano yaifupi. Mayi amakhutchumula kathumbako masekondi 30, amakankhira chivindikiro cha singano kumunsi kuti atsegule, amatsina khungu la pamimba kapena la kutsogolo kwa ntchafu, amabaya, n'kufinya kathumbako pang'onopang'ono masekondi 5 mpaka 7, ndipo satikita pamalopo. Pa amayi omwe anaphunzitsidwa kudzibaya okha kunyumba, 73 pa 100 anali akupitirizabe chaka chitatha. Pa omwe ankabwerera kwa wazaumoyo anali 45 pa 100. Mu 2018 unduna unavomereza njirayi m'dziko lonse. Chosowa chisamaliro ndi kalendala ya tsiku lobayanso, posungira posatentha ndi posafika ana, ndi kabotolo kotsekeka kotayiramo singano mpaka akazipereke kwa mlangizi.

Pomwe amayi amasiyira panjira

Kuyambitsa mayi njira ndi kosavuta. Kumusunga ndiye ntchito. Kafukufuku wa 2015-16 anaonetsa kuti oposa mmodzi mwa atatu alionse oyamba njira amaisiya chaka chisanathe, ndipo chifukwa chachikulu pa jakisoni ndi njira ya pamkono ndi zovuta zobwera ndi mankhwalawo, monga kusintha kwa msambo.

M'miyezi yoyamba Depo amachititsa kudontheza magazi kosatsata nthawi, kenako amayi ambiri amasiyiratu kusamba. M'mabuku zimalembedwa kuti ndi zosaopsa, ndipo n'zoona, koma pakhomo si nkhani yaing'ono. M'mabanja omwe amasunga mwambo, mayi ali kumwezi sagona ndi mwamuna wake ndipo sathira mchere m'ndiwo, amaitana mwana kuti athire. Akadontheza masabata atatu, nyumba yonse imadziwa, ndipo ngati amalera mobisa, chinsinsi chaululika. Amene wasiya kusamba naye amauzidwa ndi anzake kudambo kuti magazi akuunjikana m'mimba ndipo adzasanduka chotupa. Sizoona: mankhwalawa amachititsa kuti chiberekero chisakonze khungu la m'kati lomwe limatuluka posamba, ndiye palibe chounjikana. Koma mawu amenewa ayenera kunenedwa tsiku loyamba, singano isanalowe. Mayi wouzidwiratu amabwera kudzafunsa zikachitika, pomwe wosauzidwa amangosowa. Thandizo lake lilipo, monga mankhwala a mtundu wa ibuprofen kwa masiku 5 kapena mapilitsi olera kwa kanthawi malinga ndi momwe namwino waonera, ndipo zikakanika amusinthire njira ina m'malo momusiya wopanda kanthu.

Chinanso choyenera kuneneratu n'chakuti ukasiya Depo pathupi sipabwera msanga. Ambiri amatenga pafupifupi miyezi 10 kuchokera pa jakisoni womaliza. Mphekesera yoti jakisoni amaumitsa chiberekero inachokera apa, ndipo mayi wachitsikana yemwe apongozi akumuwerengera miyezi ayenera kudziwa zimenezi asanasankhe.

Njira ya pamkono inakwera kuchoka pa mayi mmodzi pa 100 mu 2010 kufika pa 12 mu 2015-16, makamaka kudzera m'magulu oyenda ndi galimoto m'midzi. Jadelle ndi timitengo tiwiri ta zaka 5, Implanon ndi kamodzi ka zaka 3. Kuika kumatenga mphindi zochepa. Kuchotsa kumafuna munthu wozolowera, mankhwala ochititsa dzanzi, kampeni, chopanira ndi zida zowiritsidwa bwino, makamaka ngati woika anakalowetsa mwakuya. Gulu loyenda likaika amayi 40 tsiku limodzi n'kuchoka, pachipatala chapafupi popanda wodziwa kuchotsa, mayi wofuna mwana kapena wotopa ndi kudontheza amayenda maulendo angapo osathandizidwa. Mmodzi wotere amakwanira kuipitsa mbiri ya njirayi m'mudzi wonse, ndipo kunena zoona, njira yomwe munthu sangaichotse pomwe wafunira yayamba kufanana ndi kukakamiza. Aliyense wophunzitsidwa kuika aphunzitsidwenso kuchotsa, ndipo malipoti aziwerenga zonse ziwiri. Ofunikanso kufunsidwa ndi mankhwala ena omwe mayi akumwa: rifampicin wa chifuwa chachikulu ndi efavirenz wa HIV amafooketsa njira ya pamkono. Kusintha kwa ma ARV kupita ku dolutegravir kuyambira 2019 kunachepetsa vutoli, koma la rifampicin likadalipo.

Za abambo sitichedwapo chifukwa nambala ikunena yokha. Mu 2015-16 amayi apabanja 11 pa 100 anali atatseketsa, pomwe abambo otseketsa sankakwana ngakhale mmodzi pa 100, chonsecho opaleshoni ya bambo ndi yaing'ono, yosakwana theka la ola, ndipo sikhudza mphamvu za m'nyumba. Imangofuna kondomu kapena njira ina kwa miyezi 3 yoyambirira.

Masamu a mufamase

Mankhwala kutha pachipatala sikuti nthawi zonse ndiye kuti kulikulu kulibe. Nthawi zambiri vuto limabadwira pa fomu ya mwezi. Chipatala chimaitanitsa potengera avareji ya zomwe chagwiritsa ntchito m'miyezi 3 yapitayo. Tiyerekeze chipatala chaching'ono chomwe chimabaya mabotolo 600 a Depo pamwezi. Januwale 600, Febuluwale 600, koma mu Marichi mankhwala anatha pa 15 atabaya 300. Wolemba akangophatikiza n'kugawa ndi 3 apeza 500. Pofuna katundu wa miyezi 3 aitanitsa 1,500 m'malo mwa 1,800, mankhwala adzathanso msanga, avareji idzatsikanso, ndipo pakutha pa chaka mapepala adzaonetsa ngati amayi a dera limenelo asiya kufuna kulera. Kukonza kwake n'kosavuta: pa khadi la katundu pazilembedwa masiku omwe mankhwala kunalibe, ndipo mwezi wotere uwerengedwe ngati wathunthu. Mabotolo 300 m'masiku 15 ndi 600 pamwezi. Zomwe alangizi a m'midzi atenga ziziwerengedwa pomwe zabayidwa, ndipo malipoti awo akachedwa avareji imanamanso.

Botolo popanda sirinji ndi lopanda ntchito, chimodzimodzi Jadelle popanda magolovesi ndi mankhwala a dzanzi, choncho izi ziziitanitsidwa pamodzi. Pa shelefu, zoyandikira kutha mphamvu zizikhala kutsogolo.

Palinso nkhani ya malo. Zipatala za mipingo za CHAM zimapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno, ndipo za Katolika, potsata chiphunzitso cha mpingo, sizipereka njira zamakono. Kumene chipatala chotere chili chokhacho m'dera, ofesi ya zaumoyo ya boma imayenera kutumiza gulu loyenda kapena kudalira alangizi. Mafuta a galimoto akasowa, ulendo woyamba kudulidwa umakhala umenewu.

Chomwe sichinasunthe

Mu 1992, atsikana 35 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali ndi mwana kapena pathupi. Mu 2010 anatsika kufika pa 26, mu 2015-16 anakwera kufika pa 29, ndipo mu 2024 anali 32. Zonse zomwe tafotokoza pamwambapa zawadutsa pambali. Pulogalamu yathu imamupeza mkazi kusikelo, kutanthauza kuti imamupeza atabereka kale.

Izi zimakhudza chiwerengero mwachindunji, ngakhale ana pa mayi atakhala omwewo. Mibadwo ikamasinthana zaka 20 zilizonse, m'zaka 100 mumalowa mibadwo 5. Ikamasinthana zaka 28, simukwana 4. Ana anayi oyambira pa zaka 17 amakulitsa dziko msanga kuposa ana anayi oyambira pa zaka 24. Kuchipatala nako atsikana amenewa ndiwo timawaona ndi uchembere wovuta, matenda a fistula ndi makanda obadwa masiku asanakwane.

Mbali ya malamulo inakonzedwa. Lamulo la maukwati la mu 2015 linaika zaka 18, ndipo mu Febuluwale 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko kuchotsa mpata womwe unkalola wa zaka 15 kukwatiwa makolo akavomereza. Mafumu ena, monga Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, anathetsa maukwati a ana ambirimbiri ndi kuchotsa paudindo nyakwawa zowavomereza. Ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu atabereka ilipo kuyambira 1993. Komabe mu 2015-16 amayi 42 pa 100 a zaka 20 mpaka 24 anali atakwatiwa asanafike 18. Lamulo limatha kuthetsa ukwati, koma silimuuza mtsikanayo kuti mawa m'mawa apite kuti.

Sukulu ndiyo imachedwetsa mimba kuposa china chilichonse. Kafukufuku wa 2015-16 anapeza ana 5.5 pa mayi wosapita kusukulu ndi 2.3 pa wopitirira sekondale. Umboni wina unabwera mosafuna mu 2020: sukulu zitatsekedwa miyezi ingapo chifukwa cha Covid-19, kauniuni wa boma anapeza mimba za atsikana zoposa 40,000 ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000. Vuto ndi lakuti malo a Fomu 1 ndi ochepa poyerekeza ndi okhoza Sitandade 8, ndipo sekondale zoyendera zili kutali. Mtsikana wa zaka 15 amachita lendi kachipinda pamsika pafupi ndi sukulu, wopanda womuyang'anira, ndalama ya sopo ndi ndiwo n'kumaiyembekezera kwa wa kabaza kapena wa geni. Pamenepo chigonero cha atsikana chokhala ndi mpanda ndi matroni chimagwira ntchito yomwe chipatala sichingaigwire.

Ku Zomba mu 2008 ndi 2009 kunayesedwa kupereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana osakwatiwa a zaka 13 mpaka 22 ndi makolo awo. Mimba ndi maukwati zinatsika ndalama zikuperekedwa, koma ofufuza atabwerera patapita zaka ziwiri ndalamazo zitasiya, phindu lambiri linali litafufutika. Umphawi ndiwo ukukankha, ndipo thandizo la zaka ziwiri limangosuntha tsiku.

Ngodya za achinyamata, malo apadera owathandizira m'zipatala, zinayamba mu 2007, koma zambiri zimatsegulidwa nthawi yomwe ana ali m'kalasi, ndipo njira zolera siziloledwa kugawidwa pasukulu. Mtsikana wa yunifomu sangaime pamzere umodzi ndi azakhali ake. Kutsegula masana ndi Loweruka, khomo lapadera, ndi wazaumoyo wosafunsa kuti “iwe mwana wa ndani” ndi zinthu zotsika mtengo zomwe zimasintha kabweredwe.

Anthu adzachulukabe

Ngakhale mawa lomwe mayi aliyense atayamba kubereka ana awiri okha, chiwerengero chipitirira kukwera kwa zaka makumi angapo, chifukwa amayi a mawa anabadwa kale ndipo ndi ochuluka kuposa amayi a lero. Zoyerekeza zonse zikuonetsa anthu oposa 30 miliyoni pofika 2050. Choncho kulera ndi theka chabe la ntchito, ndipo masomphenya a Malawi 2063 omwe anakhazikitsidwa mu Januwale 2021 ayenera kuwerengedwa ndi nambala imeneyi m'mutu.

Kusamutsa anthu kunayesedwa. Pulojekiti ya Kudzigulira Malo, kuyambira 2004 mpaka 2011, inathandiza mabanja oposa 15,000, ena mwa iwo ochokera ku Thyolo ndi Mulanje, kugula malo ku Machinga, Mangochi, Balaka ndi Ntcheu, pafupifupi mahekitala 2 pa banja. Mabanjawo anapindula ndi malo olima, ngakhale ena anakafikira kutali ndi sukulu, chipatala ndi madzi. Koma mabanja 15,000 m'zaka 7 ndi ochepa kuposa anthu omwe amawonjezeka m'miyezi itatu. M'matauni, anthu akumanga komwe mapulani sanafike, ndipo namondwe wa Freddy mu Marichi 2023 anaonetsa mtengo wake m'mbali mwa phiri la Soche ku Blantyre. Kudula mapuloti, misewu ndi ngalande anthu asanafike n'kotsika mtengo kuposa kudzawasamutsa.

Wolipira ndani

Pamsonkhano wa ku London mu Julaye 2012, boma linalonjeza kufikitsa ogwiritsa ntchito njira zolera pa 60 pa 100 pofika 2020 ndi kutsegula mzere wapadera wa mankhwala olera mu bajeti. Mzerewo unatsegulidwa mu 2013/14 ndi K26 miliyoni. Wakhala ukukwera, koma kwacha nayo yakhala ikugwa, mankhwalawa amagulidwa ndi madola, ndipo gawo lalikulu lakhala likugulidwa ndi UNFPA (nthambi ya United Nations yoona za chiwerengero cha anthu), boma la America ndi la Britain. Mu 2021 Britain inadula ndi pafupifupi 85 peresenti ndalama zomwe inkapereka ku thumba la UNFPA logulira mankhwalawa. Mu Januwale 2025 America inaimitsa thandizo lake lakunja, ndipo bungwe lake lopereka thandizoli la USAID linatsekedwa chaka chomwecho. Sikuti ankangogula mankhwala okha. Ankalipiranso mayendedwe ake, magulu oyenda m'midzi, maphunziro a alangizi ndi kafukufuku yemwe watipatsa nambala zambiri za mu lipoti lino.

Pulogalamu yotsamira pa jakisoni imamva kudulidwa kotere msanga kuposa ina iliyonse. Mayi wa lupu ndi wotetezedwa zaka 10 kapena kuposa, wa Jadelle zaka 5, koma wa Depo amafuna botolo latsopano kanayi pachaka, ndipo sitima ya katundu ikachedwa miyezi itatu, mimba zake zimaoneka kusikelo chaka chisanathe. Pali zinthu zitatu zomwe zili m'manja mwa boma. Ndalama ya mzere wa kulera izitulutsidwa yonse kumayambiriro kwa chaka cha boma pamodzi ndi madola ake, chifukwa kuitanitsa kunja kumatenga miyezi. Anamwino a m'zipinda zochirira aphunzitsidwe kuika lupu m'maola 48 mayi atabereka, kapena njira ya pamkono asanatuluke, popeza amayi oposa 9 mwa 10 alionse tsopano amachirira kuchipatala ndipo ambiri sabwereranso pa sabata 6. Ndipo makhonsolo aziteteza mafuta a maulendo a m'midzi mu bajeti ya zaumoyo ya boma lililonse, kuyambira ndi madera omwe chipatala chapafupi sichipereka njira zamakono.